Kalata kwa Oyang'anira Mayunivesite: Ana Athu Akudwalira M'manja Mwanu

Kwa a Nduna oona za maphunziro, a Nduna ya Zaumoyo, akuluakulu a mayunivesite a boma, a bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB ndi a bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu.

Ine ndine namwino. Ndagwira ntchito m'zipatala za boma kwa zaka zambiri, ndipo ndikulera mwana wa malemu mkulu wanga, mnyamata amene pano ali chaka chachitatu pa imodzi mwa mayunivesite anu. Sukuluyo sindiitchula dzina, chifukwa zimene ndinaona kumeneko n'zomwenso anamwino anzanga okhala ndi ana m'sukulu zina amandiuza tikakhala pa tiyi. Tsiku limene dzina la mwanayu linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa, kumudzi kwathu kunali nthungululu zokhazokha, agogo ake anavina mpaka chitenje kumasuka. Pa mtundu wathu wonse panalibe amene anali atapondako ku yunivesite. Tinamuperekeza kudepoti ndi thumba la ufa, nyemba, ndowa ndi bulangete, mitima ili m'malo kuti tamusiya m'manja mwa anthu ophunzira, odziwa kusamala mwana kuposa ife.

Mu semesita yake yachiwiri foni yanga inalira cha m'ma 1 koloko usiku. Anali mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Anti, m'bale wanuyu thupi latentha kwambiri, akungobwebweta, sakutizindikiranso." Ndinafunsa ngati apita naye ku kiliniki ya pasukulu. Anati inatseka madzulo. Ndinafunsa za ambulansi. Nambala imene anali nayo inkangoitana osayankhidwa. Anyamata anayi anasonkherana timakobiri tawo n'kupeza wa kabaza wa njinga yamoto, wodwala pakati, mnzake kumbuyo atamukumbatira kuti asagwe, usiku, mumsewu wa maenje. Ine ndili kutali, foni ili m'manja, ndikudziwa bwino lomwe chimene malungo amachita akafika kumutu. Anali malungo aakulu. Anachira, Mulungu ngwabwino, ndipo anyamata anayi aja sindidzawaiwala.

Atatsitsimuka ndinamufunsa mwakachetechete, nkhani yonse n'kutuluka. Anali atadwala masiku anayi. Tsiku loyamba anagula panado paokala. Tsiku lachiwiri anagula mankhwala a malungo a LA kufamase osayezetsa magazi, n'kumwa kawiri kokha, kenaka kusiya chifukwa ankasanza. Ndinamufunsa kuti ankamwa atadya chiyani. Anayang'ana kumbali. Mabwana, LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi munthu akamwera chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, kaya nsinjiro, mkaka kapena ndiwo zokazinga. Timauza odwala zimenezi tsiku ndi tsiku pawindo la mankhwala. Mwana wanga ankamwera madzi. Ufa uja unali utatha kale, ndalama ya ngongole inali isanalowe, ndipo kwa milungu itatu ankadya kamodzi patsiku, zigege ziwiri kapena mandasi, nthawi zina nsima ya masoya pisi imene mnzake wamugawira. Kwa ine sananene. Anati ankadziwa kuti ndili ndi ana ena a sukulu ndipo sankafuna kundilemetsa.

Nditapita kukamuona ndinalowa m'chipinda chimene ankachita lendi kunja kwa mpanda wa sukulu. Kachipinda koyenera anthu awiri, munkagona anyamata asanu. Matilesi atatu pansi, zikwama zitakolekedwa pamisomali, windo limodzi lotsekedwa ndi katoni. Pakona panali kahotipuleti ka waya wosenda, pambali pake mbaula ya tsiku limene magetsi azima. Neti inali yopindidwa m'jumbo chifukwa panalibe poimangirira kuti ikwanire anthu ogona mothithikana choncho. Pakhoma panali timadontho ta magazi pomwe ankaphera nsikidzi. Chimbudzi chinali chimodzi cha nyumba zonse za pamalopo, mpopi wouma, madzi ogula pa ndowa. Ndinaima pakhomo n'kumawerenga m'mutu matenda amene ndimaphunzitsa anthu kupewa: malungo, chifuwa chachikulu chimene chimakonda malo othinana opanda mpweya, mphere, kutsegula m'mimba. Ndinawachonderera kuti mbaula ija asamagone nayo m'nyumba nyengo yozizira, chifukwa mpweya woipa wochokera ku makala sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Mu June ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Thyolo kumazizira zenizeni, ndipo mnyamata wopanda bulangete lokwanira amalowetsa moto m'nyumba.

Chimene ndikufuna mumve n'chakuti thanzi la wophunzira limayambira m'mbale ndi pogona. Zina zonse zimene ndilembe m'munsimu, kaya nkhawa, mowa, juga, zibwenzi za ndalama, mizu yake ili pamenepo. Ndaona zikwangwani zokongola za sabata yolimbikitsa umoyo wabwino, ma T-shirt, mpira, alendo olankhula pa maikolofoni. Si zoipa ayi. Koma mwana amene sanadye kuyambira dzulo mungamulangize bwanji za kudya zakasinthasintha za magulu asanu ndi limodzi?

Ambiri mwa inu munaphunzira nthawi imene wophunzira aliyense anali ndi bedi lake muhositelo ndipo ankadya katatu kukafiteriya. Mumakumbukira nokha mzere wa pachitseko, nyemba zimene munkadandaula nazo, tiyi wa m'mawa. Chakudya chimenecho ndi chimene chinakufikitsani pa mipando mwakhalapoyo. Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi: UNIMA, MZUNI, LUANAR, MUST, KUHeS ndi MUBAS, kuchokera pomwe University of Malawi inagawidwa mu 2021. Ana olowa achuluka kwambiri, ndipo ine ndine woyamba kuyamika, chifukwa pakanapanda zimenezi mwina wanga sakanapeza malo. Komatu walira mvula walira matope. Munatsegula zitseko za makalasi, mabedi ndi mbale sizinawonjezeke molingana. Ana mazanamazana anakhuthukira ku Chikanda, ku Luwinga, ku Chitawira ndi m'midzi yozungulira Bunda, kumene amakhala pansi pa malamulo a mwini nyumba, ndipo pafomu yanu amangolembedwa kuti okhala kunja.

Ngongole ya HESLGB yathandiza ambiri kuyambira pomwe bungweli linakhazikitsidwa mu 2015, izi sindikana. Koma ndalama ya chakudya ikafika semesita ili pakati imakhala yafika kale m'thumba la wakatapila. Mwana wakongola kuti adye, chiwongoladzanja chakula, ndalama ikalowa imangodutsa, iye n'kuyambiranso kukongola. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Lendi, makala, mafuta ophikira, bandulo ya intaneti yotumizira asainimenti, zonse zinakwera nthawi yomweyo, pomwe mwana wa mlimi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira analibe kwina koonjezera. Ndikukupemphani kuti ndalama ya chakudya izilowa sabata yoyamba sukulu ikatsegulidwa, ndipo ngati n'kotheka muziigawa mwezi ndi mwezi kuti isathere nthawi imodzi. Zimenezi sizifuna ndalama zatsopano, zikungofuna kuti makalendala a maofesi anu azimvana.

Ndikupemphanso chakudya chotentha kamodzi patsiku, chotsika mtengo, pa sukulu iliyonse. Nsima, nyemba ndi masamba basi. LUANAR ili ndi minda ndi akatswiri a zaulimi ndi a kadyedwe, sukulu zina zili ndi malo ongomera udzu. Dziko lino limadziwa kale kuphikira ana a pulayimale phala kuti asathawe sukulu ndi njala. Mwana yemweyo akakula n'kukhoza bwino MSCE mimba yake sisintha.

Njala ikalowa pakhomo imabwera ndi anzake. Anyamata ambiri agwera mu juga ya mpira ya pafoni. Amabetcha ndalama ya ndiwo poyembekeza kuti ichulukana, ikapita amabetcha ya lendi kuti abweze yoyamba ija. Ndawaona kuchipatala ndi mutu wosatha, kusowa tulo, zilonda zam'mimba zimene zakula chifukwa chomwa brufen m'mimba mopanda kanthu. Ena amathawira ku timabotolo ta mowa waukali wotsika mtengo, ena ku chamba, ati kuti awerenge usiku wonse. Kwa atsikana njira yake mukuidziwa, magalimoto oima pageti Lachisanu madzulo mumawaona. Tisafulumire kuwanena ana amenewa kuti ndi okonda zinthu. Mtsikana amene alibe ndalama ya mapadi, sopo ndi lendi, bambo wa msinkhu wa atate ake akamuuza kuti alipira zonse, mphamvu yonena za kondomu amakhala alibe. Boma linachita bwino kuchotsa msonkho pa mapadi mu 2022, koma wopanda kobiri m'manja sagula ngakhale chotsika mtengo.

Apa ndiye ndifike pa kiliniki. Tsiku lina Lachiwiri m'mawa kunabwera mtsikana kuchipinda changa chogwirira ntchito, wovala bwino, chikwama cha mabuku kumsana. Anakhala pampando n'kumangopotokola chingwe cha chikwamacho, mawu osatuluka. Nditatseka chitseko n'kumufunsa modekha, anati Lachisanu usiku zinthu zinachitika zimene iye sanafune, ndipo anamva kuti pali mankhwala oteteza ku HIV. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuwerenga maola. Mankhwala amenewa, otchedwa PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Iye anali atapyola. Mapiritsi oteteza mimba yosayembekezera anali akadali m'nthawi yake, ndinamupatsa, tinamuyeza, tinamupangira masiku obweranso, tinakambirana za kupolisi. Ndinamufunsa chimene chinamuchedwetsa. Loweruka ndi Lamlungu kiliniki ya kusukulu kwawo inali yotseka. Lolemba anafika pakhomo pake, n'kupeza pabenchi pali anyamata a m'kalasi mwake, ndipo wolemba mayina ankafunsa aliyense mokweza kuti, "Mwabwera ndi vuto lanji?" Anabwerera. Mtsikana ameneyu ndimamukumbukira nthawi zonse ndikamva wina akunena kuti ntchito zaumoyo zilipo pa sukulu zathu.

Ngozi za achinyamata zimachitika usiku ndi kumapeto kwa sabata, nthawi yomwe makiliniki ambiri amakhala atakhoma. Ndikupempha kuti pa sukulu iliyonse pakhale namwino kapena dokotala wogona pantchito, nambala yoyankhidwa, ndi galimoto yokhala ndi mafuta yofikanso kwa okhala kunja kwa mpanda. Pakhale zoyezera malungo, LA, PEP, PrEP (mankhwala omweratu kuti usatenge HIV), makondomu, njira zolera, zida zodziyezera wekha HIV, ndi malo amene wophunzira womwa ma ARV angatengere mankhwala ake popanda sukulu yonse kudziwa. Alipo ana amene anabadwa ndi kachilomboka, akula bwino ndi mankhwala, afika ku yunivesite, ndipo akusiya kumwa chifukwa m'chipinda cha anthu asanu mulibe pobisa botolo. A Unduna wa Zaumoyo, ndondomeko ya zipatala zokomera achinyamata muli nayo kale, ifikitseni kumeneku. Ngakhale nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, 54747, ingomatidwa pa chitseko cha hositelo iliyonse, ilipo miyoyo imene ingapulumuke.

Pali china chimene chimanenedwa monong'ona. Wophunzitsa akamuuza mwana kuti akhoza pokhapokha akagona naye, ameneyo ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zoterezi. Mapepala a ndondomeko ambiri mwa inu muli nawo m'makabati. Funso langa ndi lakuti, mwana wa chaka choyamba akudziwa khomo loti agogode? Ndipo akagogoda, amene akamutsegulire si mnzake wa wolakwayo, amene amamwa naye tiyi chipinda chimodzi? Dandaulo lotere lizilandiridwa ndi munthu amene alibe mphamvu pa malikisi a mwanayo.

Tsopano za maganizo, zimene zikundilemera kwambiri. Mwana wanga atachira malungo sanabwerere mwakale. Anasiya kuimba foni. Patchuthi ankangogona chitseko chotseka, nsima kungoigwiragwira. Anali atalephera phunziro limodzi chifukwa cha masabata amene anadwala aja, ndipo m'mutu mwake munadzaza zoti achotsedwa sukulu, abwerera kumudzi komwe anamuvinira kuja, ngongole ili pamutu, digiri palibe. Ine namwino ndinatenga miyezi iwiri ndisanazindikire kuti awa ndi matenda. Ndinkati ndi ulesi, ndinamukalipirapo. Usiku wina tili pakhonde anandiuza kuti, "Anti, nthawi zina ndimaona ngati kukanakhala bwino ndikanapanda kukhalapo." Ndinamugwira dzanja, ndipo m'mawa mwake tinapita kwa mlangizi. Lero ali bwino, akumwetulira, akuphunzira. Koma iye anali ndi ine. Nanga amene alibe namwino pakhomo?

Anyamata athu tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira. Tikamva za matenda a maganizo timangoganiza za Zomba Mental Hospital ndi munthu wovula mumsewu, ndiye mwana amene akusowa tulo, amene mtima ukumuthamanga akaona pepala la mayeso, amene wasiya kusamba ndi kupita m'kalasi, sadziwerengera m'gulu la odwala, ndipo amaopa kuti akanena amutcha wamisala. Nkhani za achinyamata odzipha timaziwerenga m'manyuzipepala, apolisi amazilengeza, ambiri mwa iwo amuna. Pamaliro timati chakudza sichiimba ng'oma. Kunena zoona nthawi zambiri chimaimba, kungoti palibe amene anaphunzitsidwa kumva kulira kwake. Wogona naye chipinda amaona. Mayi wogulitsa mandasi pageti amaona kuti mwana uja wasiya kubwera. Mphunzitsi amaona mpando wopanda munthu milungu itatu.

Mlangizi mmodzi pa ophunzira masauzande, amenenso ali ndi makalasi ake ophunzitsa, sangathe. Anthu oti mulembe ntchito alipo. KUHeS imaphunzitsa anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo, a St John of God ku Mzuzu akhala akuphunzitsa alangizi ndi kusamalira odwala otere kwa zaka zambiri. Lembani alangizi okhazikika, muwapatse chipinda chimene sichili moyang'anizana ndi ofesi ya mkulu wa dipatimenti. Phunzitsani atsogoleri a ophunzira, oyang'anira mahositelo, alonda, abusa ndi mashehe a pasukulu kuzindikira zizindikiro ndi kudziwa kotumiza munthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ophunzira amasamalana kale, monga anachitira anyamata anayi aja. Akungofunika kuwauza chochita ndi kuwapatsa nambala imene wina adzayankhe.

Muunikenso malamulo anu a mayeso. Wophunzira amene wadwala, kaya m'thupi kaya m'maganizo, azitha kupuma semesita kapena chaka n'kubwerera malo ake ndi ngongole yake zili chikhalire, popanda kuyenda maofesi asanu ndi kalata ya dokotala m'manja akufotokozera aliyense matenda ake. Zotsatira zoti munthu wachotsedwa sukulu zisamangoponyedwa pa intaneti usiku mwana ali yekha m'chipinda. Muitaneni, mumuuze pamaso, pakhale wina womufotokozera njira zimene zatsala. Ndipo muwerenge. Chaka chilichonse mumatiuza kuti omaliza maphunziro ndi angati. Tiuzeninso kuti amene anasiyira panjira ndi angati, chifukwa cha matenda ndi angati, chifukwa cha njala ndi fizi ndi angati, amene anamwalira ndi angati. Mukapanda kuwawerenga, mu bajeti simudzakhala mzere wawo.

A NCHE, inu mumayendera sukulu musanazivomereze, mumaona malaibulale, makalasi ndi mapepala a aphunzitsi. Onjezerani pa mndandanda wanu kiliniki, mlangizi, madzi ndi zimbudzi, m'sukulu za boma ndi zomwe si za boma zomwe. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu March 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuchedwa kutsegulidwa mu January 2023. Ine ndinagwira ntchito m'tenti ya odwala kolera nthawi imeneyo, fungo la klorini silinandichoke m'mphuno. Malo amene ana athu akuchita lendi, chimbudzi chimodzi anthu makumi atatu, chitsime pafupi ndi dzenje, ndi malo amene matendawa amayambira. Sukulu ikhoza kugwirizana ndi khonsolo ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo kuyendera nyumba zimenezi, n'kulemba mndandanda wa zovomerezeka kuti kholo la kutali lidziwe kumene likutumiza mwana. Mwini nyumba wofuna ndalama za ophunzira ayambe wakumba chimbudzi chachiwiri ndi kutsegula windo. Musaiwalenso wophunzira wa pa njinga ya olumala amene kiliniki yake ili pamwamba pa masitepe, ndi wachialubino amene akufunika mafuta oteteza khungu ku dzuwa komanso malo ogona otetezeka mkati mwa mpanda.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: ndalama palibe. Ndimagwira ntchito m'boma, kusowa kwa zipangizo ndimakudziwa, ndavalapo magolovesi amodzi nthawi yaitali kuposa mmene ndinaphunzirira. Koma boma lawononga kale ndalama zambiri pa mwana aliyense amene wafika ku yunivesite, kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4, ndipo likumukongoza zina zoti adzabweze akayamba ntchito. Mwana amene wasiyira chaka chachiwiri chifukwa cha malungo osachizidwa bwino kapena nkhawa imene palibe anaiona, ngongoleyo adzabweza ndi chiyani? Mtengo wa namwino wa usiku ndi mbale ya nyemba ndi wochepa poyerekeza ndi zimene mukutaya.

Pempho langa lomaliza ndi losavuta. Sankhani tsiku limodzi semesita ino, osati la mwambo wopereka madigiri, osauza aliyense, osatenga atolankhani. Siyani galimoto pageti cha m'ma 9 koloko usiku, muyende wapansi kutsatira ana amene akuchokera kulaibulale kupita kumene amagona. Gogodani pa chitseko chimodzi, mupemphe kuona pomwe aphikira ndi pomwe asungira madzi, muwafunse kuti lero adya chiyani. Pobwerera mudzere ku kiliniki, muyese chitseko, muimbe nambala ya ambulansi imene yalembedwa pakhomapo. Mwana wanga akutsegulira sukulu mwezi wamawa, ndipo ndamugulira kale neti ina, yaing'ono, yoti ikwanire pakona pomwe amagona.

Ine wanu mwaulemu,
Namwino komanso kholo la wophunzira wa chaka chachitatu